Kusankha Mawilo a Njinga Yampikisano

Ndinali nditangodutsa pa Domasi, ndikulunjika ku Liwonde, pamene ndinamva kumbuyo kwanga kuti thapu! Phokoso lake silinali lalikulu, koma njinga inasintha nthawi yomweyo. Wilo lakumbuyo linayamba kuyenda mopepeluka, limu ikukhula buleki, kenako tayala nalo n'kuyamba kunyambita felemu. Inali sipoko imodzi yokha imene inaduka. Njingayo ndinaigula yogwirapo kale ntchito, yochokera ku Ulaya, ndipo chimene chinandikopa kwambiri anali mawilo akewo: akuda bii, opepuka, a masipoko opyapyala ngati mpeni, 20 okha kumbuyo.

Ndinaikankha mpaka kwa bambo wina wachikulire amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anachotsa sipoko yodukayo, n'kuiyang'ana kumutu, n'kuvundukula chitini chawo cha masipoko. Onse a m'chitinimo anali opindika khosi. Yangayo inali yowongoka kuchokera kumutu mpaka kumchira.

"Pepani achimwene, yotereyi ine ndilibe," anatero. Kenako analoza njinga ya kabaza imene inali chagada pambali pawo. "Ikanakhala ya 36 ngati iyi, bwenzi mutafika ku Liwonde musanadziwe n'komwe kuti yaduka."

Ndinabwerera pa minibasi, njinga itamangidwa kumbuyo. Zonse za m'nkhani ino zikuchokera pa mawu a bambo amenewa, chifukwa munthu wofuna mawilo olimba koma osaboola m'thumba ayenera kuyamba wadziwa chimene chimagwira wilo kuti lisagwe.

Mmene wilo limaimira

Sipoko ndi waya wokhuthala mamilimita 2. Mutaiimika pansi n'kuikanikiza ndi chikhatho, ipindika. Mphamvu yake imaoneka ikakokedwa. Woluka wilo amamanga sipoko mpaka ikhale ngati yalendewetsa matumba awiri a chimanga, kutanthauza makilogalamu 100 kapena kupitirira pang'ono. Masipoko onse amakokera limu m'kati, limu pokhala yozungulira imakana, ndipo kukokanakokana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti chinthu chosakwana kilogalamu imodzi chinyamule munthu wamkulu pamsewu wa maenje. Nzeruyi inakhwimira mumzinda wa Coventry ku England. Mu 1870 James Starley ndi William Hillman anapanga njinga yotchedwa Ariel ya masipoko a waya, ndipo mu 1874 Starley anabweretsa kalukidwe ka masipoko opingasana, ochoka pa habu chammbali, kuti mphamvu ya kupalasa izifika bwino ku limu. Kalukidwe komweko ndi kamene mumakaona lero pa njinga iliyonse ya kabaza, kawirikawiri sipoko imodzi ikudutsana ndi zinzake zitatu.

Mukakwera, kachigawo ka limu kamene kagunda pansi kamaphwa pang'ono, mwakuti masipoko ochepa apansiwo amamasukako, n'kubwereranso wilo likazungulira. Tayala la njinga yampikisano likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi pang'ono. Choncho pa ulendo wa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba, sipoko iliyonse imamasuka ndi kulimbanso koposa ka 30,000. Jobst Brandt, injiniya wa ku California amene mu 1981 analemba buku lotchedwa The Bicycle Wheel, anafotokoza momveka bwino kuti sipoko kawirikawiri siduka chifukwa cholemedwa tsiku limodzi. Imaduka chifukwa chotopa, monga waya amachitira mukamamupinda uku ndi uku, ndipo malo ake odukira ndi pakhosi, pamene yapindikira polowa mu habu.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachimva mozondoka. Amaganiza kuti sipoko yomangidwa kwambiri ndi imene ili pangozi, ndiye amakonda wilo lofewa. Komatu sipoko yolekerera ndi imene imavutitsa. Ikafika pansi imakhwefukiratu, kanati kake n'kumamasuka pang'onopang'ono, khosi lake n'kumagwedera m'bowo, ndipo ntchito imene ikanagwira imagwera zinzake zoyandikana nazo. Wilo lolimba ndi limene masipoko ake amangidwa mokwanira ndiponso mofanana.

Wilo lakumbuyo lili ndi tsoka lakelake. Limanyamula gawo lalikulu la kulemera kwa wokwera, ndiyenso kumanja kwake kuli magiya amene amadya malo. Kuti limu ikhale pakati pa felemu, masipoko a kumanja amaima chilili ndipo amamangidwa kwambiri, pomwe a kumanzere amapendekeka ndipo amamangidwa pafupifupi theka la anzawowo. N'chifukwa chake mavuto ambiri amayambira kumbuyo. Ngati ndalama yanu ikungokwanira wilo limodzi labwino, gulani lakumbuyo.

Masipoko angati, otani

Pa mawilo a masiku ano mupeza masipoko 36, 32, 28, 24, 20, ngakhale 16. Akachepa, iliyonse imasenza zambiri, mpata pakati pawo umakula, ndipo imodzi ikaduka limu imakhotera kutali monga zinandichitikira ine. Pa wilo la 32 sipoko imodzi ikaduka, mumangotsegulako buleki pang'ono n'kukafika kunyumba. Kwa munthu wa thupi lapakatikati woyenda m'misewu yosakanikira, yosalala pena, yokumbika pena, ine ndimati 32 kumbuyo, ndipo kutsogolo 32 kapena 28. Munthu wojintcha, kapena amene amamangirira chikwama kumbuyo, asachite manyazi ndi 36.

Ena amanena kuti mawilo otere ndi achikale. Aone kaye zimene zinkachitika pa mpikisano wa Paris-Roubaix ku France, umene unayamba mu 1896 ndipo umadutsa m'tinjira takale toyalidwa miyala, tokwana makilomita pafupifupi 50. Kwa zaka zambiri, akatswiri amene pa mipikisano ina ankathamangira mawilo a carbon, likafika tsiku la Roubaix ankabwerera ku malimu a aluminiyamu a masipoko 32 olukidwa ndi manja. Zinasintha cha m'ma 2010, chaka chimene Fabian Cancellara anapambana atakwera mawilo a carbon a kampani ya Zipp. Koma Cancellara ankatsatidwa ndi galimoto yonyamula mawilo ena, ndipo panjira panali anthu oimirira atagwira mawilo m'manja. Inu mukatsika phiri la Chiweta palibe galimoto yotere pambuyo panu.

Sankhani masipoko a chitsulo chosachita dzimbiri, opindika khosi, ozungulira. Amenewa ndi amene wokonza njinga aliyense amawadziwa. Makampani awiri otchuka powapanga ndi DT Swiss ya ku Switzerland ndi Sapim ya ku Belgium, ndipo chizindikiro chawo chimadindidwa pa sipokopo, kumutu kapena chapafupi ndi khosi. Masipoko otchipa okutidwa ndi zinki amaoneka otuwa, maginito amawagwira mwamphamvu, ndipo akadutsa nyengo za dzinja zingapo amayamba kufiira. Ngati mungakwanitse, pezani amene ali okhuthala kumapeto konse koma owonda pakati, a mamilimita 2.0 kumapeto ndi 1.8 pakati. Poyamba zimamveka ngati kuchepetsa mphamvu, koma pakati powondapo pamatanuka, ndiye kugwedezeka kwambiri kumathera pamenepo m'malo mofika pakhosi. Timanati ta masipoko tikhale ta mkuwa. Ta aluminiyamu timapepuka magalamu owerengeka okha, koma timamatirira ku sipoko tikakumana ndi madzi, ndipo kiyi womangira masipoko akatigwira mwamphamvu timaphwanyika m'makona.

Limu

Kale malimu a njinga zampikisano anali amatabwa. Mu 1934 Antonin Magne anapambana Tour de France pa malimu a aluminiyamu opangidwa ndi kampani ya Mavic, ndipo anachita kuwapaka penti kuti azioneka ngati amatabwa, poti sanali ololedwa. Kuyambira pamenepo aluminiyamu wakhala mnzake wa wokwera wamba, ndipo mpaka pano palibe chimene chamuposa tikaika pamodzi mtengo ndi kulimba.

Chofunika kuchiona ndi ngati limuyo ili ya makoma awiri. Chotsani tayala ndi kansalu kotchinga mabowo. Mukaona mitu ya timanati ili pamtunda pomwe pamagona chubu, limuyo ndi ya khoma limodzi, ndipo sichedwa kupindika. Mukaona mabowo, timanati tili pansi m'kati, ndiye kuti ndi ya makoma awiri, yopangidwa ngati paipi, yolimba kwambiri pa kulemera komweko. Malimu ena amakhala ndi timphete tachitsulo m'mabowo a masipoko toteteza kuti aluminiyamu asang'ambike, ndipo ndi chinthu chabwino mukachipeza. Malimu achitsulo onyezimira a pa njinga zakale asiyeni. Mvula ikagwa buleki imangotsetsereka, ndipo wotsika msewu wa ku Ku Chawe pa phiri la Zomba alibe mamita otaya.

Nkhani ya carbon ndiidula mwachidule. Ndi wopepuka, amang'amba bwino mphepo, ndipo wabwino ndi wolimba ndithu. Koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo akamenya dzenje amasweka, nthawi zina m'kati mosaoneka, pomwe aluminiyamu amangobenduka ndipo mumachiona. Carbon wogwirapo kale ntchito, amene simukudziwa kumene wadutsa, ine sindingamugule.

Pa njinga ya mabuleki ogwira limu, limuyo imadyeka. Mchenga ndi matope zikakhala pa labala wa buleki zimapala aluminiyamu ngati tupa. Opanga ambiri amaika kamzere kolowa kapena kabowo kakang'ono m'mbali mwa limu, ndipo kakafufutika ndiye kuti limu yatha. Ngati kulibe, gonekani lula m'mbalimo. Mukaona kuti mwalowa ngati supuni, musagule, chifukwa tayala la njinga yotere limapopedwa mpweya wambiri ndipo khoma lopyapyala likhoza kuphulika muli pa liwiro.

Onaninso kutambalala kwa m'kati. Malimu akale anali a mamilimita 13 mpaka 15, opangidwira matayala owonda a 23. Atsopano ambiri ndi a 17 mpaka 21, ndipo amakhala bwino ndi matayala a 28 kapena 32. Tayala lotambalalako limatha kuyenda ndi mpweya wocheperako, limameza timiyala, ndipo limatchinjiriza limu pa dzenje. Pa zinthu zonse zoteteza wilo, chotchipa kwambiri ndi chimenechi, bola felemu ndi mabuleki anu zikhale ndi mpata.

Habu

Pakati pa wilo pali habu, ndipo mahabu ali mitundu iwiri. Wina ndi wa kapu ndi koni, wa timipira tachitsulo tomwazika m'girisi. Kampani ya Shimano ya ku Japan yaugwiritsitsa mtundu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo pa mahabu ake ambiri mumakhala timipira 9 mbali iliyonse kumbuyo, ta kota ya inchi, ndi 10 mbali iliyonse kutsogolo, tocheperako. Mtundu wina ndi wa mabering'i otsekedwa, amene akatha mumawagogoda n'kuikamo ena. Yonse ndi yabwino. Koma kwathu kuno wa kapu ndi koni uli ndi mwayi woti aliyense wokonza njinga anakulira pa iwo, timipira timapezeka pamsika, ndipo ukamatsukidwa ndi kuthiridwa girisi kamodzi pa chaka, mvula ikatha, umakhalitsa kuposa malimu awiri kapena atatu. Choopsa chake ndi kuunyalanyaza. Kapu ikakumbika, habu yonse yapita. Mahabu a Shimano a gulu la Tiagra kapena 105 ndi chitsanzo cha zimene ndikunena: si apamwamba penipeni, koma sakhumudwitsa.

Pali kusiyana kwina kofunika. Pa njinga zakale ndi zotchipa, magiya onse akumbuyo amabwera ngati chinthu chimodzi chochita kupotera pa habu. Pamenepo timipira ta kumanja timakhala m'kati kwambiri, ekiselo n'kutsala yaitali yopanda chochirikiza, ndiye imapindika kapena kuduka. Pa mahabu atsopano magiya amalowetsedwa pa kathupi ka mizere kamene ndi mbali ya habu yomweyo, timipira n'kukhala chakumapeto. Mukakhala ndi mwayi wosankha, tengani wachiwiriwu.

Manambala oti muwalembe papepala

Anthu ambiri ataya ndalama chifukwa cha nambala 28. Wilo la njinga yampikisano limatchedwa 700C, ndipo m'mayiko ena a ku Ulaya amalitchanso 28. Njinga zathu zonyamula katundu, za mtundu wa Humber ndi Hero, nazo matayala ake amalembedwa 28 x 1½. Koma si ofanana. Yang'anani manambala ang'onoang'ono m'mbali mwa tayala, monga 25-622. Yoyambayo ndi kutambalala kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu m'mamilimita. Wilo la 700C ndi 622, la kabaza ndi 635, la njinga zampikisano zakale zolembedwa 27 ndi 630, ndipo la njinga za m'mapiri zolembedwa 26 ndi 559. Tayala la 622 silingalowe pa limu ya 630, ngakhale mulimbane nalo tsiku lonse.

Yezaninso mpata wa felemu pamene pamalowa habu. Kutsogolo ndi mamilimita 100. Kumbuyo ndi 130 pa njinga zambiri za mabuleki ogwira limu, 126 pa zakale za magiya 6 kapena 7, ndipo za mabuleki a disiki zimakhala 135 kapena 142. Muonenso kamangidwe kake. Njinga zambiri zimagwiritsa ntchito kachitsulo kotsekula ndi dzanja, kamene anakatulukira Tullio Campagnolo wa ku Italy cha m'ma 1930, koma zatsopano za disiki zili ndi ekiselo yokhuthala mamilimita 12 yochita kupotera m'felemu. Habu yopangidwira magiya 11 a Shimano imalandira magiya 8, 9 kapena 10 mukaikapo kamphete ka mamilimita 1.85, koma habu yakale ya magiya 10 kawirikawiri silandira 11.

Za kulemera, wogulitsa adzakuuzani kuti mawilo awa ndi magalamu 1,500 pomwe awo ndi 1,900. Kusiyanako n'koona, ndipo pochoka pamalo mumakumvako pang'ono. Koma inu, njinga ndi botolo la madzi mukakwana makilogalamu 85, magalamu 400 sakwana ngakhale theka la gawo limodzi mwa magawo 100. Ndalama yolipirira kupepukako ikanagula matayala abwino awiri.

Wilo lili m'manja mwanu

Musagule wilo musanalizunguze. Gwirani ekiselo ndi zala za manja onse awiri, wina alizunguze. Muyenera kumva kusalala. Mukamva ngati muli mchenga, timipira kapena koni zadyeka. Gwedezani ekiseloyo uku ndi uku kuti muone ngati ikusewera. Kenako liikeni pa njinga, muyang'ane mpata wa pakati pa limu ndi labala wa buleki. Kupepeluka pang'ono kwa m'mbali kumawongoleka. Kudumpha kokwera ndi kutsika pamalo amodzi nthawi zambiri kumatanthauza kuti limu inamenya dzenje n'kuphwa, ndipo imeneyo kiyi sangaichiritse. Pukutani fumbi pamabowo a masipoko, makamaka a kumanja kwa wilo lakumbuyo, mufufuze timing'alu tonga tsitsi.

Mukatero limvereni. Khwayani sipoko iliyonse ndi chikhadabo monga mmene amaimbira bangwe. Masipoko a mbali imodzi ayenera kulira mawu ofanana kapena oyandikana. Mukamva ina ikulira mokweza, yotsatira yake ikungoti phwa, dziwani kuti wina analikoka wilolo mokakamiza kuti lioneke lowongoka patsiku logulitsa. Wilo lotere limaoneka bwino m'sitolo, koma pakatha mwezi labwerera mwakale.

Mawilo ambiri otchipa amalukidwa ndi makina, ndipo zipangizo zake nthawi zambiri si zoipa. Chimasowa ndi dzanja lomalizitsa. Choncho ndalama yochepa imene ndimaiona kuti imapindulitsa kuposa ina iliyonse ndi imene mungapereke kwa mmisiri wodziwa kuluka, wilo lisanayende n'komwe. Ndaonapo mmodzi akugwira ntchitoyi. Anadontheza mafuta pa kanati kalikonse, n'kumazungulira ndi kiyi, kota kota, osathamanga. Atafika pamene ankafuna, anakulunga nsanza m'manja, n'kumafinya masipoko awiriawiri mwamphamvu mpaka wilo lonse. Kufinyako kumakhazika makosi a masipoko m'mabowo ndi kuchotsa kupanikizika kotsalira m'chitsulo, kumene kukanadzabala mng'alu. Kenako analigoneka pansi, ekiselo itatsamira pathabwa, n'kukanikiza limu ndi manja mbali zonse. Munamveka kuti tiki tiki, masipoko opotoka akubwerera m'malo. Analiwongolanso, n'kubwereza, mpaka kulira kunatha. Mmisiri wotere mumamudziwa pofunsa a kabaza, chifukwa iwo amadziwa amene wilo lake limapirira matumba a makala.

Ngati muli ndi habu yabwino koma limu yatha, musataye wilo lonse. Gulani limu ya mabowo ofanana ndi a habuyo ndi masipoko atsopano, mupatse mmisiri aluke. Ndi mmene ndinachitira nditabwerako ku Domasi: habu yakale ya mabowo 32, limu ya makoma awiri, masipoko opindika khosi. Masipoko a wilo la 700C amatalika pakati pa mamilimita 285 ndi 300, a kumanja kwa wilo lakumbuyo amafupikirako ndi mamilimita awiri kapena apo, ndipo a njinga ya kabaza nthawi zambiri amatalika kuposa pamenepo. Zikavutitsitsa panjira, mmisiri amatha kudula mutu wa sipoko yaitaliyo, n'kuipinda kawiri ndi pulayala kuti ikole m'bowo la habu, ndipo imakufikitsani. Komabe pogula onjezerani atatu kapena anayi a muyeso wanu, awiri akhale a kumanja. Anga ndinawamanga ndi tepi pa chitsulo cha felemu cha kumanzere, pafupi ndi wilo lakumbuyo, ndipo kiyi wake amakhala m'kachikwama ka pansi pa chishalo pamodzi ndi chubu.